Mayi Dontho ndi Jekete ya Malemu Amuna Anga

Mayi Dontho sankatha kuona munthu osamudontheza mafuta. Ndayamba ndi mfundo imeneyi dala, chifukwa tsiku lowaika m'manda palibe ndi mmodzi yemwe amene anaitchula. Anthu anaimirira wina pambuyo pa mnzake n'kumati anali mayi wofatsa, wosalowerera za eni, woti ngakhale ntchentche sakanaipha. Ine ndinali kumbuyo kwenikweni, dzanja lili pakamwa. Amayi anzanga ankandisisita pamsana poganiza kuti ndikulira. Sindinkalira. Ndinkadzigwira kuti ndisakuwe kuti, "Bodza!" Ntchentche zimene mayi aja anapha ndi mafuta a mandimu, mutaziunjika, wilibala imodzi singakwane.

Ine pagulu sinditha kulankhula. Ngakhale ku sekondale, nthawi yochepa imene ndinakhalako, aphunzitsi akandiloza ndinkayankha desiki. Ndiye zimene ndinalephera kunena tsiku lija ndizinena pano, poti pepala silindiyang'ana m'maso.

Tinkakhala m'nyumba zamdadada. Khoma limodzi, mpopi umodzi, chingwe choyanikapo zovala chimodzi. Khomo lawo linali loyandikana ndi langa. Anali aafupi, odzaza bwino, a mphuno yotambasuka ngati ya munthu amene anapatsidwa ntchito yonunkhiza dziko lonse. Kulikonse ankayenda ndi chikwama chakuda chodzaza timabotolo ta mafuta onunkhira, kabotolo kalikonse katamangidwa ulusi wakewake pakhosi: wobiriwira wa bulugamu, wachikasu wa mandimu, wofiira wa timbewu tonunkhira, wapepo wa maluwa a lavenda. Ankati ulusiwo ndi wokongoletsa. Akamayenda timabotolo tinkawombana, ngwere ngwere ngwere, ndipo phokoso limenelo likamveka pakona, abambo ankakweza makolala, ana ankathawira kuseri kwa bafa, ngakhale galu wa alandilodi ankakumbukira kuti ali ndi ulendo.

Dzina lawo linachokera pakamwa pawo pomwe. Chilichonse chimene ungadandaule, yankho linali lakuti, "Dontho limodzi basi." Koma anzanga, dontho la mayi aja! Ine ndikadzafunsidwa kumwamba ngati chigumula ndinachionapo, ndidzayankha kuti inde, chinkatuluka m'kabotolo kochepa ngati chala.

Kwa iwo munthu sankadwala chiwalo chimodzi. Ankati thupi, mtima ndi maganizo ndi anthu ogona chipinda chimodzi, mmodzi akaliza nkonono onse sagona. Ukawauza kuti chala chikuwawa, ankayambira kukufunsa za maloto ako. Atelala a pakhonde la golosale ndi amene ankawapatsa ulusi, ndiye ndi amenenso ankadonthezedwa kuposa tonse. Tsiku lina anawapeza atagwira mutu.

"Atelala, nkhope yakwinyika ngati buluku losasita bwanji?"

"Kamutu pang'ono, mayi. Katha kokha."

"Mutu suwawa wokha. Apongozi anu mwalankhulana nawo liti?"

"Apongozi alowa bwanji m'mutu mwanga?"

"Alimo kale. Tukulani nkhope."

"Mayi, pamakinapa pali buluku la mkwati, mawa ndi ukwati..."

"Dontho limodzi basi."

Mafuta a timbewu anatsika pachipumi, kudutsa m'nsidze, mpaka m'maso. Atelala anasoka buluku lonse akugwetsa misozi ngati akudula anyezi. Mkwati atabwera kudzayesa, anapeza miyendo yonse iwiri yatsekedwa kumapazi ngati matumba. Mayi Dontho atamva nkhaniyo anangofunsa kuti, "Nanga mutu?"

"Mutu ndauiwala, mayi. Ndikuganiza za mkwati."

"Mwaona? Wachira."

Alonda a golosale yomweyo anadandaula tsiku lina kuti tulo timawagonjetsa pantchito. Mlungu umenewo atelala ulusi wofiira unali utawathera, ndiye botolo latsopano la timbewu ndi la lavenda onse anamangidwa wapepo. Mayi Dontho anatulutsa limodzi, kulitsegula, kukoka mpweya mwamphamvu mpaka mphuno inaimba mluzu, n'kunena kuti, "Timbewu teniteni. Izi zimadzutsa ndi wakufa yemwe." Ine ndinali pomwepo ndi ndowa yanga, ndipo ndinamva bwinobwino kuti ndi lavenda, uja iwo omwe ankati ndi wogonetsa makanda. Koma ndine ndani ine woti n'kutsutsa mphuno ngati imeneyo? M'mawa mwake mwini golosale anapeza alonda ali gada pabenchi, dzuwa litakwera, nkhuku itaikira dzira m'chipewa chawo.

Nyemba zawo nazo zinkapserera iwo atakhala pambali pa mbaula, mpaka wina akuwe kuchokera kumpopi kuti, "Mayi Dontho, poto!" Tinkati ndi kuganiza kwambiri, monga amachitira anthu anzeru.

Chimodzi ndiwayamikire, kuti musaganize kuti ndikulemba ndi njiru yokhayokha. Matenda aakulu sankasewera nawo. Akakhudza mwana n'kupeza thupi latentha, chikwama ankachitseka n'kumukankhira mayi wake kuchipatala. Kungoti pakhomo ankamudontheza kaye mayiyo pakolala, ati adokotala amulandire ndi nkhope yabwino.

Zonsezi ndikanawakhululukira. Ndinkaseka nawo chamumtima, kuseri kwa katani yanga. Koma anakhudza jekete.

Amuna anga anali kalipentala. Atamwalira, zida zinapita kwa mng'ono wawo, zovala zinapita uku ndi uku, ine ndinangobisa chinthu chimodzi: jekete yabulauni imene ankavala m'mawa kukazizira popita ku shedi. Thumba lakumanja linali long'ambika. M'thumba lakumanzere munali kapensulo kotafunidwa kumapeto. Sinali jekete yoti wakuba angaiyang'ane kawiri. Koma inali ndi fungo lawo. Utuchi, guluu, sopo wobiriwira wochapira uja amene ankaumirira kusambira ngakhale ndiwagulire wabwino, ndi kenakake kena kamene sindidziwa dzina lake, kamene kankakhala kuseri kwa khutu lawo. Ndinaikulunga m'thumba la pulasitiki, kumanga pakamwa, kuika pansi penipeni pa sutikesi. Zinthu zikandithina, mwana akadwala, kapena tsiku likangotalika lokha, ndinkatseka chitseko, kumasula pang'ono, kununkhiza kamodzi, n'kumanganso msanga kuti lisathe. Ndinkalisunga ngati mchere wotsala pansi pa chitini. Palibe amene ankadziwa, ngakhale mwana wanga wamkazi.

Chaka china mvula inagwa yosalekeza, ndipo ndinaona chuku chayamba pakolala. Dzuwa litatuluka ndinaiyanika pachingwe, cha kumthunzi, ine nditakhala pakhomo kuilondera ngati mwana wophunzira kuyenda. Kenako mkaka unasefukira pamoto m'nyumba. Ndinalowa. Sindinachedwe ayi. Ndikuphula poto, ndinamva ngwere ngwere ngwere.

Ndinatuluka supuni ili m'manja. Anali ataimirira pachingwe, kabotolo ka ulusi wobiriwira katazondoka pakolala.

"Aneba, mwachita mwayi kuti ndadutsa! Jekete iyi njenjete zikanaimaliza. Dontho limodzi basi, ndi zidzukulu zomwe zidzaivala."

Bulugamu ankayenderera m'mikono ya jekete n'kumadontha pansi, tho, tho, tho.

Ndinaichotsa pachingwe, kulowa nayo m'nyumba. Ndinanunkhiza kolala. Ndinanunkhiza m'khwapa, m'matumba, m'misoko. Nkhalango yokhayokha. Amuna anga anali atachokamo. Kuchapa sindikanachapa, poti madzi akanatenga ndi kotsalako komwe, ngati kanalipo. Ndinaipachika pamphepo masiku ambiri, koma bulugamu akalowa mu nsalu amakhala ngati mlendo amene wabwera ndi mphasa yake. Ndikunena zoona, tsiku limenelo amuna anga anamwalira kachiwiri, ndipo ulendo uno panalibe wondipepesa.

Munthu wina akanakuwa, akanaswa timabotolo tonse pakhonde. Ine mkwiyo wanga ndi wa anthu amanyazi. Ndinasiya kuwapatsa moni. Posesa ndinkalekeza ndendende pamalire a khomo langa, tsamba likakhala mbali yawo ndinkalisiya. Akabwera kumpopi ndinkachoka ndi ndowa yosadzadza. Mumtima mwanga inali nkhondo yoti dziko lonse likuiona. Iwo anatenga milungu kuti azindikire, ndipo atazindikira anabwera ndi mankhwala ake.

"Odi, aneba! Mwakhala chete masiku ano. Chiwindi chimenecho. Ndabweretsa mandimu."

"Musandidontheze."

Mawu anga anandidabwitsa ndekha. Anatuluka aakulu, ngati a munthu wina.

"Aneba?"

"Munandiphera amuna anga."

"Ine? Mesa ndinasamukira kuno iwo atapita kale?"

Ndiye ndinawauza. Za sutikesi, za thumba la pulasitiki, za kuseri kwa khutu. Ndinalankhula nditayang'ana pansi, koma ndinanena zonse. Anakhala pansi pasimenti osapatsidwa malo. Chikwama chinalira kamodzi, ngwere, n'kukhala chete. Ndinayamba kuganiza kuti mwina apepesa ngati munthu, tithane nazo. Koma ayi. Anadzuka, kukaima pakhomo panga, n'kulengeza ndi mawu oti afike mpaka kumsewu.

"Aneba, ine ndikubwezerani amuna anu! Ndisafe ndisanawabweze!"

Kumpopi kunali amayi. Pofika madzulo mdadada wonse unali utadziwa kuti Mayi Dontho ayamba kudzutsa akufa, ndipo amayi ena awiri amasiye anapita kukawapempha mwaulemu kuti awo asawadzutse.

Kuyambira pamenepo mtendere unandithawa. Masana alionse ankabwera ndi kampando kawo, kukhala moyang'anizana nane, n'kuyamba kundifunsa ngati wapolisi. Ankati fungo la munthu ndi moyo wake wonse, ndiye kuti alipangenso m'botolo ayenera kumudziwa munthuyo kuyambira kuphazi.

"M'mawa ankadya chiyani?"

"Tiyi ndi buledi."

"Shuga?"

"Wambiri."

"Thukuta lotsekemera ndiye. Fodya?"

"Ayi."

"Ankapsa mtima msanga? Munthu wopsa mtima amanunkha chitsulo."

"Sankakalipa. Akakhumudwa ankapala thabwa mpaka litsale ngati pepala."

"Muli awiriwiri ankakuitanani kuti chiyani?"

"Mayi, zimenezo zikukhudzana bwanji ndi fungo?"

"Munthu ndi yense, aneba. Yankhani."

Ndinayankha. Pano sindilemba.

Tangoganizani kulimba mtima kwake! Munthu wakuonongera chinthu, kenako akukhala pakhomo pako kukufunsa zam'kati mwa banja lako. Ine amene chimwalirire amuna anga sindinawatchulepo kwa munthu aliyense, ndinapezeka ndikufotokoza mmene ankayetsemulira mpaka nkhuku kuthawa, mmene ankaimbira nyimbo misomali ili pakamwa, ndi za tebulo loyamba limene anandipangira, lofupika mwendo umodzi, limene anakana kulikonza mpaka imfa ati ndizikumbukira kuti kalipentala naye ndi munthu. Tsiku lina ndinaseka mpaka kutsamwa. Nditazindikira kuti ndikuseka ndi mdani, ndinakwiya kwambiri.

Mafunso atawakwana, anasamukira ku shedi ya akalipentala kumapeto kwa msewu wathu. Ankatola utuchi wa matabwa osiyanasiyana, kupempha guluu wotsala m'zitini, kenako anayamba kununkhiza akalipentala eni ake. Poyamba anyamatawo ankaseka. Koma tsiku lina mkazi wa mmodzi wa iwo anabwera ndi chakudya cha masana, n'kupeza Mayi Dontho atakwera pakabokosi, mphuno ili kuseri kwa khutu la mwamuna wake.

"Mayi inu! Mukutani ndi khutu la bambo a ana anga?"

"Ndikufuna amuna a aneba anga."

"M'khutu la amuna anga?"

"Usandisokoneze, mwana iwe, ndatsala pang'ono kuwapeza. Bambo, kwezani mkono."

Mwamunayo, ulemu wake, anakweza. Mbale inauluka, chakudya chinathera mu utuchi, ndipo kalipentala uja anayenda mlungu wathunthu atapendeketsa khosi. Nkhani itafika kwathu, anthu ankaloza ine. Ine! Munthu amene sindinatuluke ndi pakhomo pomwe.

Kenako mabotolo anayamba kubwera. Ankawiritsa, kusefa, kusakaniza, khoma lathu lija likutuluka thukuta. Loyamba linkanunkha kuchipatala. Lachiwiri linkanunkha bokosi latsopano, ndipo ndinati chamumtima, pamenepo mwawapeza koma mochedwa. Lina linkanunkha polishi wa nsapato. Nthawi iliyonse ankatsegula botolo, kuliika pansi pa mphuno yanga, n'kundiyang'anitsitsa kumaso osaphethira.

"Ndi iwo?"

"Ayi."

"Tayandikira?"

"Ayi, mayi."

"Ndiye tayandikira. Njira yolakwika imodzi yachokapo."

Zinapitirira choncho mpaka mvula inagwa n'kusiya, kugwanso n'kusiyanso. Ndinkawauza kuti aleke, ndawakhululukira. Ankati kukhululuka ndi kwanga, kubweza ndi kwawo.

Ndiye linafika tsiku lina lotentha kwambiri. Anabwera molunjika kuchokera ku shedi, kumene anakhala m'mawa wonse akusefa utuchi. Unali m'tsitsi, m'zikope, m'makwinya a khosi. Pamkono panali pataumira guluu. Thukuta linkayenderera. Komanso masiku amenewo anali atayamba kusambira sopo wobiriwira uja, ati kuti amumvetse munthuyo. M'manja anali ndi botolo latsopano la ulusi wabulauni. Ine ndinali nditakhala pansi ndikusankha mpunga. Anawerama, kulitsegula.

Anzanga, botolo limenelo linkanunkha tonde. Tonde wonyowa ndi mvula amene wagona pafupi ndi palafini. Koma atawerama choncho, kuchokera m'khosi mwawo munabwera mpweya wina. Utuchi. Guluu. Sopo wobiriwira. Thukuta la munthu amene wagwira ntchito padzuwa. Anali amuna anga, akulowa pakhomo madzulo, akukutumula malaya. Lichero linagwa. Ndinalira ngati mwana, kulira kumene sindinalire ngakhale tsiku la maliro awo.

Mayi Dontho anadumpha.

"Ndawapeza! Anthuni, ndawapeza!"

Anathamanga mdadada wonse botolo lili m'mwamba, chikwama chikuimba ngati belu la sukulu.

Mundiuze inuyo, munthu angayambe bwanji kuuza mayi wamkulu kuti, si botolo ayi, ndinu amene mukununkha ngati amuna anga? Pakamwa panga sipakanatha. Ndinakhala chete, ndipo kukhala chete kumeneko ndinakulipira. Anakapanga tonde uja wodzaza botolo lalikulu la mafuta ophikira. Ankabwera kudzandidonthezera papilo, pamakatani, pampando. Likatsika pang'ono ankaonjezera. Nyumba yanga inasanduka khola. Mwana wanga atabwera kudzacheza, anaima pakhomo n'kufunsa kuti, "Amayi, mwayamba ziweto?"

Chimene chimandipweteka mpaka lero ndi cha amayi a kumpopi. Ankadutsa pazenera panga atagwira mphuno, ndipo ndinawamva ndi makutu angawa akunong'onezana kuti, "Kani malemu aja ankanunkha chonchi? Mayi uja anapirira." Amuna anga, munthu wosamba kawiri pa tsiku! Anamwalira ndi mbiri yabwino, n'kudzaitaya ali m'manda chifukwa cha botolo la mafuta ophikira. Ndiye wina aimirire pamaliro n'kumati Mayi Dontho sanalakwirepo munthu?

Chaka chatha anayamba kufooka. Chikwama chinayamba kuwalemera, ngwere ngwere uja anayamba kumveka mwapatalipatali, ngati wotchi imene ikutha mphamvu. Atagonekedwa m'chipatala, anamwino anawalanda chikwama tsiku loyamba lomwe, atapeza wodwala wa bedi loyandikana nalo akuyetsemula mandimu. Ndinapita kukawaona. Anali atachepa, mphuno yokha ndi imene inali isanaonde.

"Aneba, mafuta a bambo akadalipo?"

"Akadalipo ambiri, mayi."

"Musamaumire. Ndikatuluka ndipanga ena."

Anasuzumira uku ndi uku, kupisa dzanja m'mpango wakumutu, n'kutulutsa kabotolo ka ulusi wobiriwira kamene anabisa.

"Mukuoneka otopa. Bweretsani kolala. Dontho limodzi..."

"Basi," ndinamaliza ine, ndikuwerama.

Anathira mpaka linafika kumsana. Mlungu womwewo anamwalira.

Maliro atatha, mng'ono wawo anabwera kudzalongedza katundu, ndipo ndinapita kukathandiza. Anali mayi wowonda, wolankhula pang'ono, wosafanana ndi mkulu wake ngakhale chala. Tikukulunga timabotolo m'manyuzipepala, anapeza botolo lina la tonde limene linali likundidikira. Analitsegula, n'kubwerera m'mbuyo mpaka kugunda kabati.

"Ichi n'chiyani?"

"Amuna anga," ndinatero. Ndipo poti mwini wake kunalibe, pakamwa panga panamasuka. "Koma achemwali, ndifunseko. Munthu wa mphuno ngati imene ija, analephera bwanji kumva kuti iyi ndi mbuzi?"

Anatseka botololo.

"Mphuno iti?"

"Ya akulu anu."

"Kani simunkadziwa? Akulu anga anasiya kumva fungo kalekale, asanasamukire n'kuno komwe. Anadwala chimfine choopsa. Atachira, mphuno inangotsala yokongoletsa nkhope. Mumayesa ulusiwu unali wa chiyani?"

Ndinakhala pabedi lawo osapatsidwa malo. Alonda aja. Nyemba zija.

"Bwanji sananene?"

"Akanena akanakhala ndani? Kuyambira ali mtsikana ankadziwika ndi mphuno. Ankatha kukuuzani kuti mvula ikubwera kumwamba kuli mbee. Amayi athu akadwala, iwo ndi amene ankapita kutchire kukasankha masamba ndi mphuno yokha."

"Nanga kuthira kosaleka kuja?"

"Kale dontho lawo linalidi limodzi. Kungoti ankaganiza kuti tsiku lina, akathira ambiri, amvako pang'ono."

"Ndiye za amuna anga ankati azidziwa bwanji kuti awapeza?"

"Ndinawafunsa zomwezo. Anati, mphuno yanga ndi nkhope ya aneba."

Ndinakwiya kuposa tsiku la jekete. Munthu wosamva ngakhale nyemba zopserera, kuima pakhomo panga n'kulumbira pamaso pa anthu kuti andibwezera fungo la amuna anga! Kukwera pakabokosi, kuika mphuno yakufa m'khutu la mwamuna wa mwini, kugwetsa mbale za anthu, kusambira sopo wochapira mpaka khungu kutuwa. Zaka zonsezo kuwiritsa utuchi usana wonse, osamva kalikonse, kungodikira kuti nkhope yanga isinthe. Ndani anawatuma? Ndinkafuna kuwakalipira, kuwauza kuti akanangopepesa ngati anthu ena onse, tikanathana tsiku lomwe lija. Ndinatembenukira kukhoma kumene ankapachika chikwama. Panali msomali wokha.

Masiku ano mdadada wathu ukununkha zimene unkanunkha kale tisanadziwe: ngalande, utsi wa magalimoto, mafuta okazingira obwerezabwereza, nsapato za alandilodi. Atelala mutu ukawawa amamwa mapiritsi ngati munthu wamba, ndipo mabuluku awo onse ali ndi potulukira mapazi. Koma ndinaona kuti tizidutswa ta ulusi totsala amatisungabe m'kachitini, wobiriwira pawokha, wofiira pawokha, ndipo sindinawafunse kuti ndi ta ndani. Galu amagona pakona penipeni, palibe chomudzutsa. Abambo amadutsa makolala ali pansi. Ukadandaula kuti chala chikuwawa, anthu amangoti pepani. Palibe amene amafunsa za maloto ako. M'nyumba muja munalowa mnyamata wina waulemu, wogwira ntchito ku banki, ndipo khoma lathu linauma.

Mwezi watha mwana wanga anabwera kudzandithandiza kukonza m'nyumba. Tonde yense tinakamukwirira kuseri, ndipo pamalopo udzu sunamerebe. Akusuntha sutikesi anapeza thumba la pulasitiki lija, n'kulimasula ndisanamuletse.

"Amayi, iyi ikununkha bulugamu wakalekale. Ndichape."

"Usaikhudze."

"Ndikudziwa kuti ndi ya adadi. Koma fungo lawo linatha kale mmenemu."

"Ndikudziwa amene alimo. Manga."

Anamanga akundiyang'ana ngati ndayamba kusokonekera.

Atapita ndinatseka chitseko, kumasula pang'ono, kununkhiza. Mwanayo sananame. Ngakhale bulugamu uja, amene ndinkati sadzachoka mpaka dziko lithe, wayamba kuzilala. Mng'ono wa Mayi Dontho pochoka anandisiyira kabotolo ka ulusi wobiriwira, komwe kaja ka m'mpango. Ndinakatenga pawindo. Ndinayala jekete pabedi, n'kudontheza pakolala dontho limodzi, lenileni, loyamba kudonthezedwa mumdadada uno.

Ndinanunkhiza. Linali fungo labwino, laulemu, losalowerera za eni. Sanali Mayi Dontho.

Ndinazondotsa botolo.